Dzina la Pansi pa Beseni

Ine, Thokozile Ndau, wa zaka 34, wa m'mudzi wa Kalimanjira, Inkosi Mpando, boma la Ntcheu, ndili ndi kashopu pa msika wa Tsangano komwe ndimasindikiza mapepala, kujambula ziphaso ndi kuthandiza anthu za intaneti. Ndinaphunzira za makompyuta ku yunivesite zaka zitatu, chachinayi sindinamalize. Pamsika amanditchula aDigiri. Dzinalo sindinalipemphe, koma mukalimva mu umboni wa ena, dziwani kuti akunena ine. Ndikupereka umboniwu kuno ku polisi lero Lachisanu pa 13 Juni 2025, popanda wondikakamiza.

Lachiwiri pa 10 Juni, cha m'ma 9 koloko m'mawa, kushopu kwanga kunabwera mayi Aida Kamwendo, mlimi wa mbatata ya kachewere, amene ndinkangowadziwa nkhope. Anatula pakhomo beseni labuluu lodzaza mbatata. Kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kapepala. Mbali imodzi panalembedwa adiresi ya imelo ya dzina lawo ndi pasiwedi yake, kuseri kunali nambala ya foni. Mayi Aida sadziwa kuwerenga, ndiponso alibe foni.

Anandifotokozera kuti mwana wawo Emma, wa zaka 17, anatengedwa mu Ogasiti chaka chatha kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni. Kumeneko anamulanda pasipoti ndipo ankamutsekera m'nyumba. Mwezi watha anathawa, ndipo ankasungidwa ndi bungwe lina lothandiza atsikana otere. Lolemba, mayi wina wa bungwelo ku Lilongwe, dzina lake Loyce, anawaimbira kudzera pa foni ya aphunzitsi a m'mudzi mwawo. Anawauza kuti atumiza kalata ku adiresi imene Emma anaipereka, ndipo m'kalatamo muli fomu yoti adinde chala chifukwa mwanayo sanakwane zaka 18. Fomuyo inayenera kubwezedwa lisanakwane Lachisanu masana kuti Emma akwere basi ya Lolemba likubwerali. Anawauzanso kuti asauze munthu, makamaka amene anamutenga mwanayo.

Ndinawafunsa kuti, “Ndiye ine si munthu?”

Anayankha kuti, “Inu ndinu wa makina, mwana wanga.”

Ndinawafunsa amene anawatsegulira adiresiyo. Anati munthu wina. Sindinafunsenso.

Nthawi ili 9:25 ndinalowa mu imeloyo pa laputopu yanga. Pasiwedi ya pakapepala inagwira. Kalata ya bungwe inalimo, ili ndi kachithunzi ka loko. Nditaitsegula simunali mawu a kalata, munali batani limodzi ndi chidziwitso cha m'Chingerezi. Chidziwitsocho chinkati kalatayi ndi yotsekedwa, ndipo munthu amene si wa m'bungwelo ayenera kupempha khodi, kutanthauza manambala ogwira ntchito kamodzi kokha, amene amafa pakatha mphindi 15. Makalata oterewa ndinawatsegulapo ambiri, a anthu ofunsira ntchito ndi a zotsatira za kuchipatala.

Ndinapempha khodi nthawi ili 9:30. Sinafike. Ndinadikira, ndinatuluka n'kulowanso, sinafikebe. Nthawi ili 9:52 ndinaipeza m'bokosi la zinyalala, komwe imelo imataya makalata amene ikuwakayikira. Inali itafa kale. Mayi Aida anafunsa kuti, “Nanga atayiranji kalata ya mwana wanga kudzala?” Ndinawauza kuti makina alibe mwana.

Ndinapempha yachiwiri nthawi ili 10 koloko. Netiweki ya pa Tsangano mukuidziwa inunso. Uli chikhalire pa mpando wako, foni imakulandira ku Mozambique. Laputopu yanga imatenga intaneti pa foni, ndiye foni itadumpha malire zonse zinaima. Pamene inkabwerera kwathu, khodi yachiwiri inali itafanso.

Ndinatenga laputopu n'kupita nayo pa chulu cha kuseri kwa msika, mamita pafupifupi 150 kuchokera kushopu, pamene netiweki sidumpha. Mayi Aida ananditsatira atasenza beseni lawo, anati mbatata sangazisiye pa msika. Nthawi ili 10:40 khodi yachitatu inafika, ndinaiika, kalata inatseguka.

Munali mizere itatu ya moni ndi chitseko china cha fomu. Chitsekocho chinkafuna liwu limodzi, ndipo chinachenjeza kuti ukalakwitsa katatu chitsekeka. Pansi pake panali mawu a Chichewa okumbutsa liwulo: “Dzina lomwe amayi amandiitana.” Ndinawawerengera mayi Aida. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti dzina la Emma ndi la kusukulu ndi la m'mapepala, kunyumba ndi Chifuniro, ndipo kunja kwa mudzi wawo palibe amene amalidziwa.

Ndinalemba Chifuniro. Linakana. Ndinalembanso ndi zilembo zazing'ono zokhazokha. Linakananso. Apa mayi Aida ananena mawu amene ndikuwakumbukira bwino:

“Mwana wanga, dzinali lili pansi pa beseni ili. Analemba yekha ndi penti. Ndikhuthule mbatatazi muone?”

Ndinayankha kuti, “Mayi, ndinakhala zaka zitatu ku yunivesite. Sindingaphunzire kulemba kwa beseni.”

Anati, “Ayi, pepani, ine ndimangonena.”

Ndinalemba kachitatu ndi zilembo zikuluzikulu. Chitseko chinatsekeka, chidziwitso chinati tilankhule ndi amene anatumiza kalatayo. Nthawi inali 10:48.

Ndinaimba nambala ya kuseri kwa kapepala, imene inali ya mayi Loyce. Sanayankhe mpaka 2 koloko masana. Anati liwulo iwo salidziwa, analilemba Emma ndi manja ake ku Joni, ndipo atumiza kalata ina mawa lake m'mawa ku adiresi yomweyo, liwu lake lomwelo. Ndinawauza kuti makina awo ndi amene ali ndi vuto. Anandifunsa ngati dzinalo ndinalilemba bwino. Ndinawauza zaka zimene ndinakhala ku yunivesite. Iwo sanafunse amene anatsegula adiresiyo, inenso sindinawauze kuti mwini wake sadziwa n'komwe kuwerenga.

Cha m'ma 4 koloko madzulo mayi Aida anadutsanso pashopu atagulitsa mbatata zonse, beseni lili lopanda kanthu m'khwapa. Anaima pakhomo pang'ono. Ndinali ndi kasitomala. Ndinawauza kuti abwere mawa. Besenilo sindinaliyang'ane.

Lachitatu pa 11 Juni anafika nthawi ili 8:40. Kwawo ndi makilomita asanu ndi awiri, anayenda pansi, ndipo kunali chifunga. Mpando wa makasitomala ndinali nditaikapo mitolo ya mapepala, choncho anavundikira beseni lawo pafupi ndi khomo n'kukhalapo.

Nditaika pasiwedi, imelo inakana kundilowetsa. Inati dzulo lake adiresiyi inaoneka ngati yalowedwa kuchokera m'mayiko awiri pa ola limodzi, ndiye ikufuna kutsimikiza mwini wake. Inati yatumiza khodi ku foni ya nambala yothera ndi 47. Ndinawafunsa mayi Aida ngati akuidziwa nambala yotero. Anati manambala onse amafanana kwa iwo.

Ndinafufuza m'foni mwanga. Ndinapeza manambala awiri othera ndi 47. Yoyamba inali ya abusa ena opuma, amene foni yawo ndi ya mabatani. Yachiwiri inali ya Geoffrey Mbewe wa ku Biriwiri, amene amabwera kushopu kwanga kudzajambulitsa mapasipoti a atsikana, asanu kapena asanu ndi imodzi nthawi imodzi. Zilembo za pakapepala kaja zinkafanana ndi zake. Mwandifunsa ngati mapasipotiwo sankandidabwitsa. Ntchito yanga ndi kujambula. Amene ntchito yawo ndi kudabwa ali ndi yunifolomu.

Nthawi ili 9:15 ndinamuimbira Geoffrey. Mayi Aida sindinawauze kuti ndikuimbira ndani. Ndinamuuza kuti pali mayi wina akulembetsa za feteleza, ndipo khodi yake yasochera ku foni yake, andiwerengere. Anaseka, n'kunena kuti:

“ADigiri, feteleza wake amabwera ndi loko? Dikirani pomwepo, khodiyo ndikubweretserani pamanja.”

Za loko ine sindinamuuze, zikuoneka kuti imelo ija ankaionanso pa foni yake. Nditadula, mayi Aida anafunsa kuti, “Mwaimbira ndani?” Ndinatchula dzina. Anaika manja onse awiri pamutu. Anati Geoffrey ndi amene anamutenga Emma, ndi amenenso anatsegula adiresiyo pokonza mapepala a ulendo. Ndinawafunsa chifukwa chake sananene dzulo. Anati, “Anandiuza kuti ndisamutchule.” Ndinawauza kuti kusatchula njoka sikuichotsa m'nyumba.

Iwo anati tiwaimbire mayi Loyce nthawi yomweyo. Ndinakana. Ndinati Geoffrey akangondipatsa khodi ndilowa, ndichotsa nambala yake n'kuikapo yanga, ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Anati, “Mukudziwa ndinu.” Anabwerera pa beseni paja.

Geoffrey anafika nthawi ili 10:30 pa njinga yamoto yofiira. Anavala jekete lakuda ndi nsapato zoyera. Mayi Lukia, amene amagulitsa zitenje pa shopu yoyandikana ndi yanga, anamuona akulowa ndipo anamva zambiri mwa zimene zinalankhulidwa, chifukwa chotilekanitsa ndi khoma la matabwa. Geoffrey ananjuta n'kuwomba m'manja pamaso pa mayi Aida.

Anati, “Amayi, mwayamba kulandira makalata a maloko osandiuza ine mwana wanu? Ine amene ndinamupezera ntchito? Kumeneko mabwana akumufuna, akuti anachoka osatsanzika.”

Mayi Aida anati, “Zikomo, bambo.”

Anafunsa za mbatata, za chifunga, za mwendo wawo. Kenako anafunsa kuti, “Kodi paja kunyumba mumamuitana ndani?”

Anati, “Emma.”

“Ayi amayi, lina lija.”

“Emma yemweyo, bambo.”

Nthawi yonseyi mayi Aida sanasunthe pa beseni. Anakokera chitenje mpaka pansi mbali zonse, manja atagwira m'mphepete mwake.

Geoffrey anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, “ADigiri, lembani, musati ndinakumanani.” Khodi yoyamba inali itafa, ndinapempha ina, iye n'kuwerenga manambala asanu ndi imodzi kuchokera pa foni yake. Ndinawaika. Nthawi ili 10:41 imelo inatseguka, ndipo kalata yatsopano ya bungwe inali pamwamba. Ndinkafuna mayi Aida aone ndi maso awo kuti ndatsegula.

Ndinati, “Mayi, bwerani muone.”

Anati, “Ndili bwino pompano.”

Ndinati, “Dzukani, mayi. Mwanayu si wanga.”

Anandiyang'ana, kenako anadzuka n'kubwera pa tebulo. Geoffrey anali ataima pakati pa iwo ndi khomo. Anayang'ana pansi. Analisuntha beseni lija ndi phazi kuti lilunjike kowala, n'kuwerama pang'ono. Anati, “Ana a masiku ano, sukulu yake ya kuti? Tsalani bwino, aDigiri.” Anatuluka, njinga inalira. Nthawi inali 10:45.

Ndinapita pochotsera nambala ya foni. Ntchito ya mphindi ziwiri ija inafuna khodi ina, yopitanso ku foni yomweyo ya 47. Ndinabwerera ku kalata n'kupempha khodi yake, koma isanafike, nthawi ili 10:50, imelo inanditulutsa. Nditayesa kulowanso inati pasiwedi yasinthidwa.

Apo ndi pamene ndinapita pakhomo kukaona beseni. Pansi pake panalembedwa ndi penti yoyera, zilembo zikuluzikulu zopendekeka: CHIFUNILO. Ine katatu konse ndinalemba ndi r, monga momwe malamulo a kalembedwe amanenera. Emma analekeza sukulu Sitandade 6, ndipo dzina lake amalilemba ndi l.

Mayi Aida anati, “Bambo aja awerenga?” Ndinati eya. Anati, “Imbani tsopano.” Ndinawauza kuti adikire kaye.

Kuyambira 10:50 mpaka 12:30 ndinkayesa kulanda adiresiyo. Ndinadzaza fomu ya anthu oiwala pasiwedi kanayi. Inafunsa mwezi umene adiresi inatsegulidwa ndi mayina a anthu amene analemberedwapo makalata, zinthu zimene ankazidziwa ndi Geoffrey yekha. Ndinapita pa chulu kawiri. Mayi Lukia anabwera pa zenera n'kunena kuti, “Thoko, siya zimenezo, imba foni.” Ndinawauza kuti ine sindiwauza kadulidwe ka zitenje. Mwandifunsa chifukwa chake ndinadikira ola limodzi ndi mphindi 40. Ndakuuzani zimene ndinkachita. Lembani zimenezo.

Nthawi ili 12:30 ndinawaimbira mayi Loyce n'kuwauza zonse. Ndinkamva akudina mabatani. Anati makina awo akuonetsa kuti fomu inatsegulidwa nthawi ili 11:06 kuchokera pa foni, ndipo liwu linagwira ulendo woyamba. Ndinafunsa chimene chinali mkati. Anati kuwonjezera pa fomu munali nambala ya foni ya nyumba imene Emma ankasungidwa ndi dzina la dera lake, kuti mayi ake athe kulankhula naye. Anati aimbira ku Joni nthawi yomweyo, n'kudula.

Mayi Aida anakhala pashopu mpaka 5 koloko madzulo kudikira foni. Sinalire. Ndinachotsa mapepala pa mpando n'kuwauza kuti akhalepo. Anakhalabe chiimire.

Lachinayi pa 12 Juni anafika 7 koloko, ndisanatsegule. Nthawi ili 9:10 mayi Loyce anaimba ndipo ndinaika foni pokweza mawu. Anati Lachitatu nthawi ili 12:10 mwamuna wina anaimba ku nyumba ija n'kunena kuti ndi malume ake, akufuna kulankhula ndi Chifuniro. Poti dzinalo analidziwa, osamalira nyumba anamupatsa Emma foni. Mwamunayo anamuuza kuti mayi ake afika ku Joni ndipo akumudikira pa golosale ya pakona. Emma anatuluka pa geti nthawi ili 12:20, osavala juzi. Chenjezo la mayi Loyce linafika 12:40. Nthawi ya ku Joni ndi yathu kuno ndi imodzi. Mpaka pamene ankaimbapo, Emma anali asanabwerere, ndipo nkhaniyi anali ataipereka kwa apolisi a kumeneko.

Mayi Aida anafunsa kuti, “Anamuuza kuti ndafika ine?” Mayi Loyce anati eya. Mayi Aida anati, “Ndiye anathamanga.” Anakhala pansi pa simenti.

Ndinaimba nambala ya Geoffrey kasanu ndi kawiri tsiku limenelo. Inali yozimitsa. Mayi Lukia ananditumizira uthenga masana kuti wina wa kabaza anamuona Lachitatu lomwelo akuwoloka malire ndi njinga yake. Ine sindinamuone, ndikungonena zimene ndinamva.

Ndinatseka shopu n'kuperekeza mayi Aida kuno ku polisi, kumene anapereka dandaulo lawo dzulo masana. Lero ndabweretsa zinthu izi: kapepala ka adiresi ndi pasiwedi, laputopu yanga, foni yanga imene ikuonetsa nthawi ya mafoni onse ndawatchulawa, ndi mapepala khumi ndi limodzi a mapasipoti a atsikana amene Geoffrey anajambulitsa. Mapepalawa anatuluka odetsedwa ndi inki, iye anawakana, ine ndinawasunga kuti ndizilemba kuseri kwake. Nkhope ndi mayina zikuoneka. Limodzi ndi la Emma. Beseni lili kale ndi inu, mayi Aida analisiya dzulo. Musalikhalire, ndaona wina walisandutsa mpando pa kauntala.

M'mawa uno, tisanabwere kuno, mayi Aida anandipempha kuti ndisindikize mapepala a munthu wosowa, oti mayi Loyce awatumize ku Joni ndi ena oti timate pa malire. Ndinatenga chithunzi cha papasipoti paja. Nditafika pa dzina anandigwira mkono n'kunena kuti, “Mulembe momwe analembera mwini wake. Mwina adzadutsa n'kuwerenga.” Ndinasindikiza mapepala makumi anayi. Onse ali ndi l.

Fomu ija inayenera kubwezedwa lero masana. Pamene ndikumaliza umboniwu nthawi ili 12:25.

Umboniwu ndauwerenga ndekha, sindinafune wondiwerengera. Pa tsamba lachitatu, pa mawu a mwamuna amene anaimba ku Joni, a Sajeni munalemba dzina la mwanayo ndi r. Mwati m'Chichewa cholondola zimatero. Lamulo limenelo ndikulidziwa kuposa inu. Fufutani muike l, ndipo ndisaina mukakonza.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Komwe ali Emma sindikudziwa.

Wopereka umboni: Thokozile Ndau ______________________

Wolemba umboni: Sajeni Kenneth Masamba ______________________

Tsiku: 13 Juni 2025